Puloteni ikachoka pa ribosome ndiye kuti yatha kupangidwa? Zokambirana za pa gulu lathu la Bio, Mulanje ndi Thyolo

Tadala wa ku Luchenza: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso landisowetsa mtendere. M'manotsi alemba kuti DNA imatulutsa mRNA, mRNA imapita ku ribosome, ribosome imapanga puloteni basi nkhani yatha. Koma tsamba lotsatira akuti insulin imayamba ili ndi ma amino acid 110 pomwe insulin yomwe imayenda m'magazi ili ndi 51 okha. Nanga 59 enawo amapita kuti? Ribosome imapanga zopitirira muyezo kapena?

Yamikani: Mwina nambala imodzi anailemba molakwika aise

Madam Bio: Manambala onsewo ndi olondola Yamikani. Tadala funso lako ndi labwino kwambiri ndipo ndi pomwe ana ambiri amatayikira chifukwa timawaphunzitsa ngati ribosome ndiye mapeto a ulendo. Koma tiyambe kaye kumayambiriro kuti onse tiyendere limodzi, pagulu pano pali a Form 4 komanso a ku koleji.

Madam Bio: DNA imakhala mu nucleus ndipo situlukamo. Selo likafuna puloteni inayake, enzyme yotchedwa RNA polymerase imatsegula kachigawo ka DNA komwe kali ndi gene imeneyo n'kukopera uthenga wake pa mRNA. Mwa ife anthu mRNA yongokopedwayo sinakonzeke, amaiveka kaye cap kumutu, kumchira amailumikiza ma A ambirimbiri otsatizana, kenako zigawo zotchedwa ma intron amazidula n'kulumikiza ma exon otsalawo, ndiye splicing imeneyo. Ikatero ndiye imatuluka kudzera m'timabowo ta nucleus kupita kukakumana ndi ribosome. Ribosome imawerenga zilembo zitatuzitatu, ndiye codon imeneyo, ndipo tRNA iliyonse imabwera itanyamula amino acid yake n'kukhala pa codon yomwe ikugwirizana ndi anticodon yake. Amino acid yatsopano imalumikizidwa ku unyolo, ribosome imasuntha zilembo zitatu, ina imabwera, choncho choncho mpaka ifike pa codon yoimitsa.

Yamikani: Madam pamenepo pa zilembo zitatu ndimafuna ndifunse. Zilembo zilipo 4, A U G C, ndiye zitatuzitatu zikupereka ma codon 64. Koma ma amino acid akuti alipo 20. Enawo ndi ongokhala?

Madam Bio: Palibe yongokhala. 61 amaimira ma amino acid, kungoti amino acid imodzi imatha kukhala ndi ma codon angapo, leucine ili nawo 6. Atatu otsalawo UAA, UAG ndi UGA ndi oimitsa, palibe tRNA yobwera pamenepo, pamabwera puloteni ina yomasula unyolo. Ndipo AUG ndiye poyambira, imaimira methionine. Codon yoyamba kudziwika anaipeza Nirenberg ndi Matthaei mu 1961, anapanga RNA ya ma U okhaokha n'kuona kuti ikutulutsa unyolo wa phenylalanine yekhayekha, ndiye anadziwa kuti UUU ndi phenylalanine.

Mphatso Bvumbwe: Ndiye kuti puloteni iliyonse m'thupi imayamba ndi methionine?

Madam Bio: Popangidwa eya, koma ambiri methionine woyambayo amachotsedwa unyolo ukangoyamba kutuluka. Ukuona Tadala, kudula kwayamba kale puloteni isanamalize n'komwe kutuluka pa ribosome.

Limbani CO: Madzulo abwino Madam ndi nonse. Ndangotuluka kumene ku ward ndapeza nkhani yokoma. Pa za ma codon ndiwonjezere chitsanzo chomwe timachiona ndi maso kuchipatala, sickle cell. Mu haemoglobin muli maunyolo a mitundu iwiri, alpha ndi beta, wa beta uli ndi ma amino acid 146. Pa malo a nambala 6 pamayenera kukhala glutamic acid, codon yake GAG. Mwa mwana wa sickle cell chilembo chapakati chinasintha, pa mRNA pamawerengeka GUG, ndiye pamalowa valine. Amino acid imodzi yokha pa 146 koma oxygen ikachepa ma haemoglobin aja amamatirirana kukhala timitengo titalitali, selo lofiira limapindika n'kumatseka timitsempha, mwana amalira ndi ululu m'mafupa usiku wonse, magazi amachepa pafupipafupi. Makolo ena amafika atazungulira kale kwina poganiza kuti mwana walodzedwa, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa chiyambi chake ndi chilembo chimodzi chomwe analandira kwa bambo ndi kwa mayi omwe.

Limbani CO: Ndipo nambala 6 imeneyo amawerenga methionine woyamba atachotsedwa kale, monga anenera Madam.

Tadala wa ku Luchenza: Zikomo achimwene. Koma 59 anga aja sindinawapezebe

Madam Bio: Tafika. Insulin imapangidwa m'maselo a beta a mu pancreas. Chomwe ribosome imatulutsa ndi preproinsulin, ma amino acid 110. Oyambirira 24 ndi signal peptide, ntchito yake ndi kusonyeza kuti puloteni iyi siyokhala muno m'selo, ndi yotuluka kunja. Kachidutswako kakangotulukira, chinthu chotchedwa SRP chimakagwira, chimaimitsa kaye ribosome n'kuikokera pa khoma la endoplasmic reticulum (ER), ndiye unyolo umapitiriza kupangidwa ukulowera mkati mwa ER. N'chifukwa chake rough ER imaoneka ya timadonthomadontho pa chithunzi, timadonthoto ndi ma ribosome. Mkatimo signal peptide imadulidwa, patsala 86, imeneyo ndi proinsulin. Imapindika, ma cysteine amagwirana awiriawiri kupanga ma disulfide bond atatu. Kenako imadutsa ku Golgi n'kulongedzedwa m'timatumba, ndipo m'timatumbamo ma enzyme amadula chigawo chapakati, C-peptide, cha ma amino acid 31, pamodzi ndi ma amino acid 4 a m'mbali mwake pomwe amadulira. Chotsala ndi unyolo A wa 21 ndi unyolo B wa 30 ogwirana ndi ma disulfide aja. Werengera wekha.

Tadala wa ku Luchenza: 24 kuphatikiza 31 kuphatikiza 4... 59!! Eeee Madam zikomo kwambiri, mtima wakhala pansi

Yamikani: Koma ine sindikumvetsa chifukwa chake. Selo likuwononga mphamvu kupanga zinthu zoti likadule n'kutaya. Bwanji osangopanga A payekha B payekha n'kuzilumikiza?

Limbani CO: Chifukwa A ndi B akakhala paokhapaokha sapezana bwino amwene, ma cysteine amagwirana molakwika nthawi zambiri. C-peptide ndi amene amawasunga moyandikana kuti apindike bwino ali chinthu chimodzi, akagwirana ndiye amachoka. Komanso satayidwa m'selomo, amatuluka limodzi ndi insulin kulowa m'magazi, insulin imodzi C-peptide mmodzi. N'chifukwa chake kumene kuli makina ake amayeza C-peptide pofuna kudziwa ngati pancreas ya munthu wa matenda a shuga ikupangabe insulin yakeyake, popeza insulin ya m'botolo yomwe amadzibaya ija ilibe C-peptide.

Madam Bio: Nkhani ya signal peptide imeneyi ndi yomwe inapatsa Günter Blobel Nobel mu 1999. Ndipo insulin ndi puloteni yoyamba yomwe anthu anadziwa mndandanda wonse wa ma amino acid ake, anachita ndi Frederick Sanger, Nobel 1958.

Bambo Mavuto (fakitale): Pepani aphunzitsi ndilowerereko, ine ndimangowerenga pagulu pano chifukwa mwana wanga ali Form 4 ndiye amagwiritsa foni yangayi. Zomwe mukufotokozazi ine ndikuzimva ngati za kuntchito kwathu. Tsamba lomwe amayi athyola m'munda m'mawa si tiyi ayi, ukaliviika m'madzi otentha sumwa kanthu. Liyenera lifote kaye pa ma trough, lidulidwe pa makina, lisinthe mtundu, liumitsidwe, lisankhidwe magiredi, lilongedzedwe ndiye lipite kumene likupita. Ndiye ndikuona ngati ribosome yanuyo ndi wothyola chabe, fakitale ili kutsogolo.

Madam Bio: Bambo mwafotokoza bwino kuposa mmene ndimanenera m'kalasi. Ndipo kusintha mtundu mwatchulako ndi ntchito ya puloteni. M'tsamba la tiyi muli enzyme yotchedwa polyphenol oxidase, tsamba likakhala lamoyo imakhala kwayokha ndipo ma catechin amakhala kwaokha. Makina akaphwanya maselo zimakumana, mpweya n'kulowapo, ndiye zobiriwira zija zimasanduka zofiirira.

Bambo Mavuto (fakitale): N'zoona, ndipo ukachedwa kulowetsa mu dryer zimapitirira, tiyi amatuluka wopanda mphamvu mkamwa. Nthawi imeneyo timaiyang'anira kwambiri makamaka miyezi yotentha ino.

Madam Bio: Dryer ndiye imaimitsa enzyme ija. Kutentha kumamasula kapindidwe kake, ma amino acid ali momwemo m'ndandanda wawo koma mawonekedwe apita ndiye ntchito yathera pomwepo. Tiyi wobiriwira amamutenthetsa koyambirira kuti enzyme isagwire n'komwe ntchito. A Form 4 gwirani pamenepa, mndandanda wolondola pawokha sukwanira, puloteni iyenera kupindika moyenera. M'selo muli mapuloteni ena otchedwa ma chaperone, monga Hsp70, omwe amagwirizira unyolo watsopano kuti usamatirire pa unzake usanapindike.

Sisita Chifundo: Ndakhala ndikuwerenga ndili pa night. Tadala iwe ukupanga unamwino eti? Ukadzafika ku labour ward udzaona kuti mwana akangobadwa timamubaya vitamin K pantchafu. Ophunzira ambiri amangodziwa kuti ndi yoteteza kutaya magazi koma ukawafunsa kuti imateteza bwanji amangoti zii. Nkhani yake ndi yomweyi mukukambayi. Chiwindi chimapanga mapuloteni oundanitsa magazi, factor II, VII, IX ndi X. Ribosome imawapanga bwinobwino ngakhale vitamin K palibe, koma amakhala opanda ntchito mpaka enzyme ina iwonjezere carboxyl pa ma glutamic acid awo angapo kuti athe kugwira calcium, ndipo enzyme imeneyo siyenda popanda vitamin K. Khanda limabadwa ndi vitamin K wochepa chifukwa sadutsa bwino pa nsengwa, mu mkaka wa m'mawere alimo wochepa, ndipo m'matumbo mwake simunakhazikike mabakiteriya omwe amapangako wina. Ndiye mwana wobadwira kunyumba yemwe sanabayidwe amatha kutuluka magazi pamchombo osasiya, kapena choopsa kwambiri m'mutu. N'chifukwa chake timalimbikira kuti ngakhale mayi achilire panjira, abwere naye mwana kuchipatala tsiku lomwelo.

Tadala wa ku Luchenza: Sisita ndiye kuti puloteniyo imakhalapo m'magazi koma siikugwira ntchito?

Sisita Chifundo: Eya mng'ono wanga, ilipo koma ndi yosamalizidwa. Warfarin amagwiranso pomwepo, amatsekereza kuti vitamin K asabwezeretsedwe akagwira ntchito. Mankhwala ena a makoswe, osati onse, ndi a mtundu womwewo, n'chifukwa chake mwana akadya amatha kuoneka bwinobwino tsiku loyamba, magazi n'kudzayamba kutuluka patapita masiku ma factor akale atatha. Osadikira zizindikiro, thamangirani naye kuchipatala ndi paketi yake ya mankhwalawo kuti tidziwe mtundu.

Mphatso Bvumbwe: Vitamin C nayenso ndi choncho? Tinaphunzira kuti akasowa nkhama zimatuluka magazi koma sanatiuze chifukwa

Madam Bio: Ndi choncho ndithu. Collagen ndi puloteni yochuluka kuposa ina iliyonse m'thupi, ili pakhungu, m'mafupa, m'mitsempha ya magazi, m'nkhama. Ndi maunyolo atatu opotana. Kuti kupotanako kulimbe, ma proline ndi ma lysine ena amayenera kuwonjezeredwa OH unyolo utapangidwa kale, mkati mwa ER, ndipo ma enzyme ochita zimenezo amafuna vitamin C ndi iron. Palibe codon ya hydroxyproline, yemwe ndi proline wowonjezeredwa OH uja, simungaipeze pa tebulo lija la 64, imapangidwa pambuyo. Vitamin C akasowa collagen amatuluka wofooka, nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, mano amagwedera, zilonda sizipola. Mbuzi imadzipangira yokha vitamin C, ife anthu sitingathe. James Lind mu 1747 anayesa kupatsa amalinyero odwala matenda amenewa malalanje ndi mandimu n'kuona akuchira, asakudziwa n'komwe kuti kuli vitamin. Ife kuno tili ndi mwayi, magwafa, zinanazi, mapapaya, mango, masamba, zonse zili pakhomo, kungoti masamba tisamawaphike mpaka kulekeratu.

Yamikani: Funso lina. Anyamata a ku gym kuno ku Chitakale amati ukadya nyama yambiri puloteni ya ng'ombeyo imapita direct ku minofu. Ine ndimatsutsa koma amandiposa mawu

Limbani CO: Ukunena zoona ndiwe. Palibe puloteni ya ng'ombe yomwe imakakhala m'nyama mwako ili yathunthu. M'mimba pepsin amaidula, m'matumbo trypsin ndi anzake amapitiriza mpaka itsale ma amino acid ndi tizidutswa tating'ono, zimenezo ndi zomwe zimalowa m'magazi. Kenako ma ribosome ako amamanga mapuloteni ako potsata ma gene ako. Amino acid yochokera mu nandolo ndi yochokera mu nyama selo silizisiyanitsa. Ndi chifukwa chomwechonso insulin sitipereka ya mapiritsi, ingagayidwe ngati ndiwo.

Mphatso Bvumbwe: Nanga trypsin bwanji sagaya pancreas yomwe yamupangayo, poti nayonso ndi puloteni?

Limbani CO: Funso lanzeru. Amapangidwa ali wotseka, dzina lake trypsinogen, ali ndi kachidutswa kowonjezera kutsogolo. Akafika mu duodenum enzyme ya pakhoma la matumbo, enteropeptidase, imadula kachidutswako ndiye amatseguka n'kutsegulanso anzake. Pepsin nayenso amatuluka ngati pepsinogen, asidi wa m'mimba ndi amene amayambitsa kuti adulidwe. Zikachitika kuti trypsin watseguka msanga ali mu pancreas momwemo ndiye pancreatitis imeneyo, ululu wake si wamasewera, ndipo ambiri omwe timawaona ndi omwa mowa kwambiri.

Sisita Chifundo: Pa za nandolo ndiikepo mawu chifukwa nkhani ya zakudya za ana imandikhudza. Pa ma amino acid 20 aja, 9 thupi silingapange, ayenera kuchokera m'chakudya. Chimanga chili ndi lysine ndi tryptophan wochepa. Ribosome ikafika pa codon ya lysine ndipo tRNA yonyamula lysine palibe, siingaikepo ina m'malo mwake, imadikira. Ndiye mwana wongodya phala la ufa woyera lamadzimadzi tsiku ndi tsiku mimba imadzaza koma zomangira thupi zikuperewera. Nyemba, nandolo, soya zili ndi lysine wambiri, n'chifukwa chake Likuni Phala amasakaniza chimanga ndi soya. Kuno nandolo timalima wambiri koma nthawi zambiri yense amapita kwa mavenda, pakhomo osatsala ngakhale ndowa imodzi, kenako mwana yemweyo tikumulandira atatupa mapazi. Ndimawapempha amayi ku sikelo kuti asungeko, komanso usipa wosinja m'phala umathandiza kwambiri.

Bambo Mavuto (fakitale): Sisita apo mwanena zoona koma nthawi zina si kusadziwa ayi, ndi fizi ndi ngongole zomwe zimagulitsitsa nandolo yense. Munthu umadziwa koma ulibe pogwira.

Sisita Chifundo: Ndikumva bambo, ndipo sindikuweruza. Ndimangoti pogulitsapo kambale ka mwana kakhale koyamba kupatulidwa.

Tadala wa ku Luchenza: Achimwene a Limbani, mu pharmacology akuti ma antibiotic ambiri amagwira pa ribosome. Nanga bwanji sapha maselo athu poti nafenso tili ndi ma ribosome?

Limbani CO: Chifukwa si ofanana. Ya bakiteriya ndi 70S, zigawo zake 30S ndi 50S. Yathu ndi 80S, zigawo 40S ndi 60S. Usadabwe kuti 30 ndi 50 sizikupanga 80, S ameneyo ndi muyezo wa mmene chinthu chimamirira mu centrifuge, sawonkhetsedwa ngati masamu wamba. Doxycycline amagwira pa 30S n'kutsekereza tRNA kuti isakhale pamalo pake. Gentamicin amagwiranso pa 30S koma iye amachititsa ribosome kuwerenga ma codon molakwika ndiye bakiteriya amadzaza ndi mapuloteni opotoka. Erythromycin ndi azithromycin amatseka kanjira kotulukira unyolo mu 50S. Chloramphenicol amagwira pomwe peptide bond imapangikira penipeni. Rifampicin wa TB yekha amagwira kumtunda, pa RNA polymerase ya bakiteriya, mRNA isapangidwe n'komwe.

Limbani CO: Koma pali chenjezo. Ma mitochondria athu ali ndi ma ribosome awoawo omwe amafananako ndi a mabakiteriya, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe gentamicin amatha kuwonongera makutu ndipo chloramphenicol amatha kufooketsa mafuta a m'mafupa opanga magazi. N'chifukwa chake dose timawerengera ndi kulemera kwa munthu, si mankhwala ongogula pamsika n'kubayana kunyumba.

Madam Bio: Ndipo chomwe chimandisangalatsa ine pa ribosome n'chakuti chomwe chimalumikiza ma amino acid si puloteni, ndi RNA ya mu chigawo chachikulucho. Zinaoneka bwino pomwe mawonekedwe a ribosome anajambulidwa mpaka pa ma atomu, ntchito yomwe Ramakrishnan, Steitz ndi Ada Yonath analandirira Nobel mu 2009. Makina opanga mapuloteni onse pamtima pake pali RNA.

Yamikani: Palibe chomwe chimagwira ribosome yathuyo?

Madam Bio: Chilipo ndipo chimamera kuseri kwa nyumba zambiri, nsatsi. Mu njere zake muli puloteni yotchedwa ricin, ikalowa m'selo imachotsa adenine mmodzi pa RNA ya mu 60S ndipo ribosome imeneyo siigwiranso ntchito. Selo losapanga mapuloteni limafa. Njere zake ndi zokongola zamawangamawanga ndiye ana amakonda kuseweretsa, muziwaletsa kutafuna, ndipo akatafuna ndi nkhani ya kuchipatala msanga.

Mphatso Bvumbwe: Eee sindimadziwa, kwathu zangoti mbwee m'mbali mwa khola

Limbani CO: Ndibwerere pa kudula kuja chifukwa pali chitsanzo china chomwe kuno tonse chimatikhudza. HIV ilibe ribosome, imagwiritsa ntchito yathu. Ribosome ya selo la CD4 imawerenga mRNA ya kachilomboko n'kutulutsa unyolo umodzi wautali, Gag-Pol, momwe muli mapuloteni angapo olumikizana. Kuti kachilombo katsopano kakhwime, protease yake iyenera kudula unyolowo m'zidutswa. Atazanavir ndi lopinavir, omwe timapereka kwa ena mankhwala oyamba akasiya kugwira, amatseka protease imeneyo, ndiye tizilombo timatulukabe m'selo koma tosakhwima, sitingalowe m'selo lina. TLD yomwe ambiri akumwa pano imagwira pena, tenofovir ndi lamivudine pa reverse transcriptase, dolutegravir pa integrase. Komanso puloteni ya pakhungu la kachilomboko, gp120, imakutidwa ndi mashuga ambirimbiri omwe ER ndi Golgi yathu yomwe imaikapo, ndiye chitetezo cha m'thupi chimavutika kuona puloteni yeniyeniyo pansi pa mashugawo. Ichi ndi chimodzi mwa zomwe zavutitsa kupeza katemera.

Tadala wa ku Luchenza: Mashuga pa puloteni? Ndiye glycosylation ija?

Madam Bio: Yomweyo. Imayambira mu ER pomwe mtolo wa mashuga umamangiriridwa pa asparagine, ku Golgi amakaudulira ndi kuwonjezera. Mapuloteni ambiri otuluka m'selo kapena okhala pakhungu la selo ali nawo. Ngakhale gulu la magazi ako, A, B kapena O, kusiyana kwake ndi shuga mmodzi wa kunsonga pa selo lofiira. Wa A enzyme yake imaika mtundu wina, wa B mtundu wina, wa O enzyme yake siigwira ntchito ndiye pamakhala popanda.

Yamikani: Madam zonse mwatchulazi ndi zosintha kamodzi basi. Nanga selo likafuna kuyatsa puloteni kenako kuizimitsa?

Madam Bio: Pamenepo ndi phosphorylation. Enzyme yotchedwa kinase imatenga phosphate ku ATP n'kuiika pa serine, threonine kapena tyrosine, puloteni imasintha kapindidwe pang'ono n'kuyamba kapena kusiya ntchito. Phosphatase imabwera kudzaichotsa. Zimachitika m'masekondi, pomwe kupanga puloteni yatsopano kuchokera ku gene kumatenga nthawi. Anthu tili ndi ma kinase oposa 500. Fischer ndi Krebs ndi omwe anazitulukira pofufuza mmene minofu imaphwanyira glycogen, Nobel 1992. Ndipo insulin ya Tadala ija ikafika pa selo la mnofu silowa mkati, imagwira receptor kunja, receptor imeneyo mbali yake ya mkati ndi kinase, imadziika ma phosphate n'kuikanso pa mapuloteni ena motsatizana mpaka puloteni yonyamula glucose yotchedwa GLUT4 itakwera pakhungu la selo kukalowetsa shuga.

Sisita Chifundo: Kolera yomwe inativuta 2022 mpaka 2023 ija nayonso imasewera pomwepa. Poizoni wa kachilombo kake amamata ADP-ribose pa G protein ya m'maselo a m'matumbo ndiye imakhala yoyaka osazimanso, kamthenga ka m'selo kotchedwa cAMP kamachuluka, kinase imaika phosphate pa CFTR, lomwe ndi khomo la chloride, ndiye limangokhala lotsegula, mchere ukutuluka madzi akutsatira. Munthu amatha madzi m'maola ochepa tikuona. ORS imagwira ntchito chifukwa khomo lina lolowetsa sodium pamodzi ndi glucose poizoniyo salikhudza, n'chifukwa chake muli mchere ndi shuga zonse ziwiri, ndipo muyezo wa madzi osungunulira uyenera kutsatidwa monga alembera pa paketi.

Mphatso Bvumbwe: Nanga puloteni ikakalamba kapena ikapindika molakwika imathera kuti?

Madam Bio: Imaikidwa chizindikiro. Pali kapuloteni kakang'ono ka ma amino acid 76, ubiquitin, kamamangiriridwa pa lysine ya puloteni yoti ichotsedwe, kenako ena amalumikizidwa pamwamba pake kukhala mndandanda. Proteasome ikaona mndandandawo imakoka puloteniyo, kuitambasula n'kuidula, ma amino acid amabwerera kukagwiranso ntchito. Ciechanover, Hershko ndi Rose, Nobel 2004. Si zowonongeka zokha, ngakhale mapuloteni abwinobwino omwe nthawi yawo yatha, monga ma cyclin oyendetsa kugawikana kwa selo, amachotsedwa njira yomweyi. Ndiye mukamva kuti munthu ali ndi ma gene opanga mapuloteni pafupifupi 20,000 okha musaganize kuti mitundu ya mapuloteni ndi yomweyo, splicing ndi zosintha zonsezi zimachulukitsa kwambiri.

Tadala wa ku Luchenza: Lomaliza Madam ndisanakagone. HbA1c yomwe amayeza anthu a shuga, nayonso ndi glycosylation?

Limbani CO: Ndiyankhe ine Madam. Ayi, imeneyo ndi glycation, palibe enzyme yomwe imachita ndipo selo silinafune. Glucose akachuluka m'magazi amangodzimata yekha kunsonga kwa unyolo wa beta wa haemoglobin, pa valine woyamba, ndipo sachokanso. Selo lofiira lokhwima lilibe nucleus ngakhale ribosome ndiye silingapange haemoglobin watsopano, limayenda ndi yemweyo masiku ake onse pafupifupi 120. N'chifukwa chake HbA1c imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, osati za m'mawa uno zokha. Kuyambira 6.5% kupita m'mwamba ndiye muyezo wa matenda a shuga. Koma kwa munthu wa sickle cell kapena amene waikidwa magazi posachedwa nambala imeneyo siidalirika chifukwa maselo ake ofiira sakhala masiku 120, ndiye timadalira kuyeza glucose weniweniyo.

Tadala wa ku Luchenza: Ndalemba zonse. Madam Loweruka tingapange za splicing? Ma intron aja sindinawamvetse bwino kuti selo limadziwa bwanji podula

Madam Bio: Tipanga, 7 koloko madzulo. Aliyense abwere atajambula gene imodzi ya ma exon atatu m'kope, tidzayambira pa GU ya kumayambiriro ndi AG ya kumapeto kwa intron.